Injiniya ndi Kompyuta ya Amayi Ake

"Mwana ameneyu ali ndi ngongole yanga, koma akuyenda m'tauni muno ngati munthu wopanda mlandu."

Mayi a Mabaji ankalankhula ndi kompyuta, koma amene anamva ndi amuna awo, omwe anali pakona ya shopu, magalasi ali pamphuno, akudula timaulusi totsalira pa majuzi. Bamboyo sanadzutse mutu. Chipumireni ntchito anaphunzira kuti mkazi wawo akayamba choncho, bwenzi lenileni ndi sizasi.

Ikanakhala ngongole ya ndalama bwenzi atathana nayo kale. Akanakaima pageti ya ofesi tsiku la malipiro, chikwama chili chotsegula. Koma chimene mwanayo anawatengera sichinali cholowa m'chikwama. Anawatengera kompyuta yawo momwe inalili.

Zinayenda chonchi. Mng'ono wawo atagonekedwa m'chipatala, Mayi a Mabaji anatseka shopu kukamudwazika. Makiyi anasiyira mwana wawo wamwamuna, amene amamutcha Injiniya chiyambire tsiku lomwe anaphwasula wailesi ya m'nyumba ali kamwana n'kulephera kuibwezera. Pano ndi bambo wandevu zake, amasamalira makompyuta pa ofesi ina yaikulu, koma dzinalo linamukanirira. Pochoka anangomuuza kuti, "Chinthuchi chikumachedwa kuyaka, uchione." Injiniya anachionadi. Anapeza mavairasi atamatirira ngati nkhupakupa pa galu wopanda mwini, sisitimu itakalamba, eni ake atasiya kale kuisamalira. Anakopera mafayilo onse a amayi ake osasiyapo ngakhale imodzi, anasesa zonse, n'kuikamo sisitimu ina imene iye amailemekeza ngati mpingo: yaulere, yopanda mwini, yomangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana.

Pobwerako mayi anapeza kompyuta ikuyaka munthu asanakhale n'komwe pampando. Mafayilo onse analimo. Chimene munalibe ndi pulogalamu yopetera, ija imatsegula mafayilowo n'kuuza makina poboola singano ndi posintha ulusi. Inapita limodzi ndi zinyalala, ndipo m'sisitimu yatsopanoyi sikanakhalamo, poti anaipangira yakale ija. Chimbale chake chinasweka kalekale posamuka. Kampani imene inawagulitsa inamezedwa ndi ina, ndipo eni atsopanowo anayankha Injiniya mwaulemu kuti zakale anasiya, pali pulogalamu yamakono yolipira mwezi ndi mwezi.

Ndiye mabaji onse amene mayiwo anajambula ndi dzanja lawo zaka zonsezi, a masukulu, a makwaya, a matimu a mpira, a kampani ya alonda, anasanduka timabokosi tooneka ndi maso koma tosatseguka.

"Wandisamutsa bwino ndithu," anamuuza tsiku limenelo. "Masutikesi onse afika, palibe yosweka. Makiyi okha ndi amene waponya m'chimbudzi."

Injiniya analonjeza kuti akonza. Loweruka linadutsa, linzake linadutsanso. Makina opeta anangokhala duu pansi pa nsalu yake ngati odwala. Pamenepo n'kuti ahedi a sukulu ya atsikana ya kumtunda atapereka kale oda ya mabaji a mabuleza, sukulu ili pafupi kutsegulira. Oda imeneyi mayi anailimbirana zaka, ndipo telala wa kuseri kwa msika ankaizungulirabe ngati mphamba pa anapiye. Baji lake si lamasewera: nyali, buku lotsegula, masamba ozungulira, ndi timalemba tating'ono pansi. Kulijambula kunawadyera maso. Ahedi akangomva kuti makina aima, oda yapita, ndipo ikapita siibwera.

"Mwanayo anafuna kuthandiza," amuna awo anayesera, maso ali pa juzi.

"Amati safunsa anadya phula. Koma kuno wosafunsa ndi iye, wakudya phula ndine. Inu dulani ulusi."

Woyamba kubwera ndi mankhwala anali mwana wawo wamkazi, amene m'banjamo amamutcha Madamu chifukwa cha nsapato zake zazitali. Iye amajambula zotsatsa malonda, ndipo anatulukira masana atanyamula laputopu yopyapyala ngati mbale, yonyezimira ngati ndalama yatsopano.

"Amayi, zisiyeni za achimwenezo. Tengani yanga yakale iyi. Izi sizivutavuta, mavairasi sazolowerana nazo, mungotsegula n'kuyamba ntchito."

Mayi anaitenga, anaiyeza kulemera m'manja, anaitembenuza. Anaitsegula, ndipo kunena zoona inawakopa. Mitundu pa sikiriniyo inali ngati ulusi wochoka kumene m'pepala. Kenako anakoka chingwe cha makina n'kufunafuna pochilowetsa.

"Kabowo kali kuti?"

"Pamafunika kolumikizira kake. Timagula kushopu kwawo."

"Kwa ndani?"

"Kwa eni ake a kompyutayi."

"Nanga pulogalamu yanga ilowa?"

"Yanuyo ayi. Koma ilipo ina yabwino kwambiri, mumangolipira pamwezi..."

"Ikafa amakonza ndani? A Masitepe, okonza makompyuta aja?"

Madamu anaseka mpaka kugwira pakhosi. "A Masitepe sangaitsegule n'komwe, Amayi. Timapita nayo kwa eni ake."

Mayi anaitseka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati akutseka chitseko cha nyumba ya bwana. "Mwana wanga, kumene ukukhalako n'kokongola. Mpanda wautali, maluwa, mlonda pageti. Koma tsache ugule kwa landilodi, babu ugule kwa landilodi, denga likadontha udikire landilodi. Ndipo makina anga akuwakaniza pageti. Ndikalowe ndekha ndikadye maluwa?"

"Inu Amayi, chilichonse mumachisandutsa msika."

"Msikawo ndi umene unakugulira nsapato zoyamba. Tenga mbale yakoyi isanagwe, ndilibe chokulipira."

M'mawa mwake anatsika kwa a Masitepe. Mkuluyu amakonza makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba ya mashopu, komwe wamtali amalowa atawerama. Mashelefu anadzaza mitembo ya makompyuta, zingwe zili lendelende ngati mizu ya kachere. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta fumbi m'kafani ndi mswachi wakale.

"Mayi, mwana wanu ndi wanzeru, koma anaiwala chimodzi. Anthu sagula sisitimu. Amagula zimene zimakhala m'menemo. Yanu yakale ija, ya kampani yaikulu ija, ili ngati msika waukulu. Muli matope, muli akuba, oyang'anira amasintha malamulo mmene afunira, nthawi zina amatseka geti inu muli pakati pa malonda, ati tikukonza. Koma aliyense wopanga makina amapangira kumeneko, chifukwa n'kumene kuli anthu. Ndipo anthu ali kumeneko chifukwa n'kumene kuli makina."

"Nanga iyi ya mwana wangayi?"

"Imeneyo ndi malo aulere kunja kwa tauni. Mpweya wabwino, palibe wokulipiritsa, akuba safikako kawirikawiri. Kompyuta yokalamba imatsitsimuka kumeneko. Ine ndemwe yanga ya kunyumba ili komweko, musakamuuze. Koma minibasi sifikako. Chikakuvutani mumafunsa anthu achifundo a pa intaneti, akayankha ayankha."

"Ine sindinabwere kudzaphunzira mapu. Pulogalamu yanga muli nayo?"

A Masitepe anayang'ana kukhomo, n'kutsegula kabati. Anatulutsa fulashi yomangidwa kachingwe kofiira. "Ilimo. Yomweyo ndithu. Kungoti iyiyi anthu ena anaithyola loko kuti isamafunse layisensi. Bweretsani kompyutayo, dzuwa lisanapendeke makina akhala akulira. Mtengo tigwirizana."

Apa mayi anangoti tsinya. Kulipira? Alipire iwo pa chimene anawononga wina? Ndipo ngakhale a Masitepe akanati ndi ulere, sizikanatheka. Mwanayo akanamva kuti zakonzeka, akanapuma mpweya wabwino, n'kupitiriza kukhulupirira kuti anachita bwino, amayi ake okha ndiwo osamva zamakono.

"Wowononga ndi amene akonze. Ndibwerekeni kanthuko, ndikamupatse."

"Ayi, mayi, pepani." A Masitepe anabweza fulashi m'kabati n'kukhoma. "Mwana wanu anaima pomwe mwaimapo, makasitomala ali apa, n'kunena kuti ine ndimagulitsa matenda, ndine sing'anga wa akuba. Ngati akuifuna, atsike masitepewa yekha. Msana wake si wagalasi, awerama."

Mayi anatuluka osatsutsa. Pa malonda amadziwa mtengo umene sutsika.

Pobwerera sanakwere kanthu, anayenda wapansi, mutu uli pa ntchito. Moyo wawo wonse akhala m'nyumba za lendi, ndipo alandilodi amawadziwa mitundu yawo yonse: womwetulira, wolusa, wopemphera, wobwera ndi loko watsopano iwe uli kuntchito. N'chifukwa chake pogula makina aja anaumirira kugula chilichonse, osati kubwereka. Pulogalamu ija anailipira yonse tsiku limodzi, atamenyana mtengo mpaka wogulitsa anatuluka thukuta. Anapita kunyumba akudziwa kuti chimenechi chokha ndi chawo. Lero ndiye akuona kuti anagula bedi, koma chipinda chinali cha eni. Ngakhale mabaji ojambula okha, ndi maso awo, ndi msana wawo, anawasunga m'mabokosi amene kiyi wake ali ndi munthu wina amene sanamuonepo nkhope. Injiniya akanapanda kusesa, tsiku lina kompyutayo ikanafa yokha, ndipo akanaima pomwepa, popanda wom'loza chala.

Zimenezi zinawakwiyitsa kuposa zonse. Mwanayo ankanena zoona. Koma zoona sizipeta baji.

Loweruka Injiniya anafika m'mawa, maso ofiira, laputopu yake ili kukhwapa. Anapereka moni kwa bambo ake, anagwada pang'ono kwa amayi ake, n'kuyamba msangamsanga asanamuyambe.

"Amayi, ndapeza njira. Ilipo pulogalamu yopetera yaulere, imayenda m'sisitimu imeneyi. Ndakhala ndikuiphunzira. Makina anu amva zimene imatulutsa, ndafufuza."

"Itsegula mabokosi anga?"

"Amenewo ayi. Anawatseka mwa njira yawoyawo. Koma tikhoza kujambulanso, limodzi ndi limodzi, ndipo tikatero palibenso amene adzakutsekereni."

"Tijambulenso. Iwe ndi ndani? Masamba a baji la atsikana lija ukuwadziwa kuchuluka kwake? Ahedi ndikawauze kuti ana abvale mabuleza opanda kanthu mpaka Injiniya atamaliza sukulu ya ulusi?"

"Chabwino. Ndiye tibwerere ku sisitimu yakale, titenge pulogalamu yatsopano ya kampani ija. Ya pamwezi ija. Ndizilipira ine, pa malipiro anga."

"Mpaka liti?"

"Mpaka... basi, mwezi uliwonse."

"Ukadzachotsedwa ntchito makina anga aime? Ukadzakwatira, mkazi wako azidzandiwerengera? Ndinagula kamodzi, mwana iwe. Sindilipira lendi pa bedi langa, ngakhale ndi ndalama za wina. A Masitepe ali nayo pulogalamu yanga. Pita ukatenge."

Mnyamatayo anaimirira ngati walumidwa. "Yothyola loko ija? Amayi, kumene kuja n'kuba."

"Ndikuba cha yani? Ndinalipira kapena sindinalipire?"

"Munalipira, koma..."

"Munthu akataya kiyi wa nyumba yake n'kulowera pawindo, apolisi amamumanga?"

"Samumanga. Koma tamverani, Amayi. Amene anathyola lokoyo simukumudziwa. Sanathyole chifukwa chokukondani. Munthu wotero amasula makiyi awiri, wina n'kusunga. Mukangolumikiza intaneti, iye amalowa, amaona zonse, amatenga zimene akufuna. Mavairasi amene ndinasesa aja mukuganiza ankalowera kuti? Ine ntchito yanga yonse ndi kutseka mabowo otere. Ndinalumbira kuti dzanja langali silidzaikanso zimenezo m'kompyuta ya munthu."

"Unalumbira kwa yani?"

"Kwa ine ndemwe."

"Ndiye ukadzikhululukire wekha, sipatali. Kwa ine unalonjeza, ndipo ine sindikhululuka."

Bambo pakona paja anatsokomola. "Mwina mwanayo..."

"Ulusi, bambo."

Panja wina ankakoka ngolo ya katundu, mawilo akulira. Mayi anamuyang'ana mwana wawo, n'kuona chibwano chija chalimba ngati chawo chomwe akamakana mtengo. Anazindikira kuti akapitiriza kukankha ndi ukali, awiriwo afika madzulo ali pomwepo. Anakhala pansi, mawu anatsika.

"Tamvera, Injiniya. Zimene umanenazi ndazimva. Ndayenda nazo msewu wonse. Ukunena zoona, ndine wa lendi, ndipo sindinkadziwa. Kwanu kwaulereko mwina n'kumene ndikanayambira ndikanakhala mtsikana. Koma iwe unasankha nyumba poyang'ana nyumbayo. Ine sindisankha nyumba. Amasankha ndi makina awo ali apowo, ndipo makinawo ndi amene anakulipirira sukulu imene unakaphunzirako kuwanyoza. Unandisamutsa ndili kuchipatala, osandifunsa. Landilodi amene umadana nayeyo amachitanso chimodzimodzi."

Mawu omalizawo anamulasa. Anayang'ana pansi, akupotokola chingwe cha chaja m'zala.

"Ndikaika," anatero potsiriza, "kompyuta imeneyi sidzalowanso pa intaneti. Ndichotsamo kachipangizo kake ndi manja anga. Wakubayo akhale ndi kiyi wake, koma khomo ndimanga ndi njerwa."

"Nanga zithunzi zimene makasitomala amanditumizira?"

"Zizifikira pafoni. Muzisamutsa ndi chingwe."

"Ntchito yowonjezera imeneyo."

"Mtengo wanga ndi umenewo, Amayi. Sutsika."

Mayi anatsala pang'ono kumwetulira, koma anadzigwira. "Wanga nawu. Baji lililonse ndikalitsegula, undionetse kasungidwe koti tsiku lina ndikadzafuna kusamuka ndekha, ndidzanyamule. Osati lero. Oda ikatha."

"Zimenezo ndiye ndakhala ndikunena chiyambire..."

"Usanene kuti unanena. Nyamuka, a Masitepe amatseka msanga Loweruka."

Mayi anamutsatira pambuyo, osati pomukayikira, koma poti zoterezi munthu umafuna kuonera ndi maso ako. Injiniya ndi wamtali. Pakhomo la kachipinda kaja anawerama mpaka mutu unafika m'chifuwa. A Masitepe anamuona, anapitiriza kumasula sikuluwu ngati palibe munthu.

"Akulu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya madokotala. Mwabwera kudzayendera odwala?"

"Ndabwera kudzabwereka fulashi ija."

"Iti? Kuno timagulitsa matenda okhaokha."

Injiniya anapuma mozama. "Ndinalankhula udyo tsiku lija, pamaso pa anthu. Pepani. Maganizo anga pa zinthuzi sanasinthe, koma pakamwa panalakwa."

"Ha! Kupepesa kwa anthu ophunzira, theka lokhalokha." A Masitepe anatsegula kabati, akuseka. "Tengani. Mukaipime ndi zipangizo zanu zonse, mukapezamo kachilombo mudzandiuze, nanenso ndidziwe chimene ndikudyetsa anthu."

Ntchitoyo inatenga tsiku lonse. Injiniya anamasula bokosi la kompyuta, anazula kachipangizo ka intaneti n'kukaika m'thumba la malaya ngati dzino lochotsa. Sisitimu yakale anaibwezera mwachilungamo, poti layisensi yake inali yomata pambali pa bokosi chigulireni. Ankadina mabatani nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa. Sikirini ikati dikirani, iye ankang'ung'udza, "Mwaona? Yayamba kale ulamuliro." Mayi ankangoti, "Dikira, wauzidwa." Fulashi ija anaipima kawiri asanailowetse, ndipo polowetsa anayang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka, pulogalamu inatseguka ndi kamvekedwe kake kakale kaja. Mayi anamukankha pampando ndi chigongono, anagwira mausi, anapita pa fayilo ya sukulu ya atsikana. Nyali inatuluka, buku, masamba, timalemba tonse tili m'malo mwake. Anavundukula makina, anakunga kansalu koyesera pa mkombero, anapisa ulusi wagolide, n'kudina.

Singano inayamba kugogoda. Bambo anaika sizasi pansi. Atatuwo anangoyang'ana tsamba loyamba likumera pa nsalu, kenako lachiwiri.

Makina ataima, mayi anamasula nsaluyo, anapita nayo pakhomo pomwe pali kuwala. Anaiyang'ana kumaso, anaitembenuza kumbuyo, anakanda timalemba ndi chikhadabo, anaikoka uku ndi uku kuona ngati ichita makwinya. Injiniya anaima kumbuyo kwawo, manja akuda ndi fumbi, akudikira.

"Ngongole yatha," anatero mayi.

"Basi? Ngakhale zikomo, Amayi?"

"Wobweza ngongole sathokozedwa. Sendeza katoni ya mabulezayo kuno, usambe m'manja usanagwire nsalu za eni."